Lamba wa Pachibwano

Lachiwiri, 17 Seputembala

Namwino Jocelyn wandipatsa kope ili ndi cholembera. Akuti ndizilemba zimene madokotala akunena, chifukwa ndikumafunsa funso limodzi katatu. Ndinali mlembi pasukulu ya pulayimale zaka makumi atatu, kulemba sikundivuta. Dzanja lamanja lili bwino, lamanzere lili m'chikhakha.

Ndine Verna Corkum, zaka 63. Ndili mu wodi ya othyoka mafupa, pansanjika yachitatu, bedi la pawindo. Mwamuna wanga Aubrey ali pansanjika yachisanu, kwa odwala mwakayakaya.

Loweruka m'mawa tinkatsetsereka, aliyense pa njinga yake, kupita kumsika wa kudoko, iye patsogolo ine pambuyo. Mtsikana wina amene anaimika galimoto m'mbali mwa msewu anatsegula chitseko osayang'ana. Aubrey anamenya chitsekocho n'kuuluka. Ine ndinamenya njinga yake n'kugwera pakhonde la simenti.

Zanga: fupa la m'chiuno lathyoka pawiri, Lamlungu anaikamo chitsulo ndi misomali isanu. Mkono wathyoka pafupi ndi chikhatho. Nthiti ziwiri.

Za Aubrey: magazi anaundana pansi pa chigaza, mbali yakumanja. Anachotsa chidutswa cha chigazacho kuti ubongo upeze potupira. Makina ndi amene akumupumira. Sanadzuke.

Lachitatu, 18 Seputembala

Amatidzutsa 6 koloko kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kutentha kwa thupi. Kenako jakisoni wa pamimba woletsa magazi kuundana, mapiritsi awiri opha ululu, phala la oti lozizira kale. Wa mafizo wandikhazika m'mphepete mwa bedi kwa mphindi zitatu. Ndasanza.

Mwana wathu Darrell anabwera pa ndege Lamlungu kuchokera ku Alberta kumene amagwira ntchito ku migodi ya mafuta. Amakwera ndi kutsika pakati pa ine ndi bambo ake, n'kumandibweretsera nambala. A dokotala Haddad anaika kawaya m'mutu mwa Aubrey koyeza mmene ubongo ukupanikizikira. Akufuna nambalayo isapitirire 20. Lero 17 m'mawa, 19 masana.

Pabedi loyandikana nane pali Mayi Downey, zaka 71, bondo lawo lachitsulo linachita mafinya. Amaimba kwaya ku tchalitchi cha Baptist ndipo pakamwa pawo sipatsekeka. Atamva kuti ndinagwa pa njinga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, amvekere gogo wathunthu ngati ine ndimafunanji pa njinga basi ilipo. Ndinaseka, nthiti zinandilanga.

Lachinayi, 19 Seputembala

Nambala 22, kenako 18 atamuwonjezera mankhwala.

Kunabwera wapolisi wamkazi, a Pettipas, atanyamula matumba awiri a pulasitiki. M'thumba loyamba munali helemeti yanga. Yang'ambika kuchokera pachipumi mpaka pamwamba pa khutu, mkati mwaphwanyika ngati buledi woponderezedwa. A Pettipas anati chikanakhala chigaza changa chimenecho. M'thumba lachiwiri munali ya Aubrey. Yabwinobwino, kokanda kamodzi kokha kumbuyo. Anaitola pakhomo la shopu, kutali ndi pamene iye anagwera.

Anafotokoza kuti lamulo la kuno silingoti munthu avale helemeti, limatinso lamba wake akhale womanga pansi pa chibwano. Ndiye anafunsa ngati wa Aubrey unali womanga.

Darrell anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. Anati bambo ake chipumireni ntchito ya umakaniko pa zombo zowolotsa anthu, chaka chilichonse mwezi wa Juni amapita kusukulu kukaphunzitsa ana kavalidwe ka helemeti. Anaonetsa ndi manja mmene bambo ake amachitira: zala ziwiri pamwamba pa nsidze, malamba akumane pansi pa khutu, chala chimodzi chokha chilowe pansi pa chibwano. Anati munthu ameneyu ankabweza ana a eni pamsewu kuti awakonzere lamba.

A Pettipas anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi Corkum, inu ndi amene munali pambuyo pake."

Ndinati unali womanga. Analemba.

Lachisanu, 20 Seputembala

Sindinadye. Nambala 21.

Ndilemba pano chifukwa palibe amene amawerenga kope ili.

Lachinayi la sabata yatha Aubrey anamudula kachotupa pansi pa chibwano, kakang'ono ngati nyemba, n'kumusoka kanayi. Darrell sitinamuuze, zinali zazing'ono. Loweruka m'mawa Aubrey anavala helemeti, anayesa kumanga lamba, unakhula pachilonda pomwepo. Anaivula n'kunena kuti tipite pa galimoto, kapena tiyende pansi. Ine ndinati pa galimoto tikazungulira ola lathunthu kufuna poimika, pansi tikapeza nsomba zatha. Anaima pakhomo helemeti ili m'manja.

"Ingoikhazika pamutu apolisi aione," ndinatero. "Ndi mphindi khumi zokha, Aubrey. Sukufa lero."

Anandiyang'ana, anapukusa mutu, anaivala. Njira yonse ndinkaona malamba awiri akuuluka m'mbali mwa makutu ake, ndipo ndinkaseka mumtima kuti mphunzitsi wa ana wathyola lamulo lake lomwe.

Zaka 39 tili m'banja, wandikanira zinthu zambiri. Ichi chokha sanakane.

Loweruka, 21 Seputembala

Andilola kukwera kukamuona Aubrey. Anthu atatu kundinyamula kundiika pa chikuku, Darrell kukankha mpaka mu chikepe.

Sindinamuzindikire msanga. Nkhope yatupa, maso atsekeka ndi kutupa, mbali imodzi ya mutu yametedwa ndipo pa bandeji alembapo kuti pamenepa palibe fupa. Paipi m'kamwa, ina m'mphuno, madiripi anayi. Dzanja lake ndi lofunda. Mafuta a tcheni akadali m'zikhadabo.

Darrell analoza pansi pa chibwano, pamene pali ulusi unayi uja, n'kunena kuti taonani Amayi, lamba anachita kumucheka pochoka, ndiye kuti anamenyedwa mwamphamvu bwanji. Namwino wa kumeneko anayang'ana ine, ine ndinayang'ana makina.

Mphindi khumi ndi zisanu zokha. Nambala 19 nthawi yonse imene ndinali pomwepo.

Lamlungu, 22 Seputembala

Ana aakazi a Mayi Downey abwera atatu kuchokera kutchalitchi ndi zipewa zawo, atanyamula nkhuku yokazinga, nyemba zophika ndi manyuchi, ndi buledi wa chimanga. Andikakamiza mbale. Mayi Downey akuti chakudya cha pano anachipanga kuti munthu achire msanga pothawa.

Darrell wapeza dzina la mtsikana wa galimoto uja. Ndi Shauna, zaka 26, amayenda m'makomo kusamalira okalamba. Walemba pa intaneti dzina lake lonse, waikapo chithunzi cha bambo ake ali ndi ana asukulu ndi chithunzi cha helemeti. Walemba kuti munthu amene anachita zonse molondola waphedwa ndi wosasamala. Ndinamuuza kuti bambo ake sanafe. Anati, "Ndikufuna amangidwe, Amayi." Akulemberanso kampani yopanga mahelemeti kuti chomangira chawo n'chachabe.

Nambala 24. 26 madzulo.

Lolemba, 23 Seputembala

Kutentha kwa thupi 38.9. Chilonda cha m'chiuno chafiira, chikutuluka madzi. Atenga magazi.

Nambala 25.

Lachiwiri, 24 Seputembala

39.4. Mankhwala a m'diripi maola asanu ndi limodzi aliwonse. Kukwera kwa Aubrey andiletsa mpaka kutentha kutsike. Ndachonderera, akana.

Lachitatu, 25 Seputembala

Ku fiyeta kukatsuka chilonda. Ndadzuka 2 koloko masana.

Aubrey ali ndi chibayo. Nambala inafika 31 kwa theka la ola.

Ambuye, tengani mwendowu, tengani yonse iwiri.

Lachinayi, 26 Seputembala

38.1. Ndamwa tiyi ndi theka la tosi.

Mphunzitsi wa kusukulu kuja wabweretsa envelopu yaikulu ya makadi ojambula ana. Pafupifupi khadi lililonse pali munthu wa ndevu pa njinga, helemeti yaikulu kuposa mutu, lamba wojambula ndi choko chakuda kwambiri pansi pa chibwano. Wina walemba kuti, "Bambo Corkum, ine ndimamanga tsiku lililonse." Jocelyn anafuna kuwamata kukhoma. Ndinati awaike mu kabati.

Masana a Pettipas anabwera kudzalankhula ndi Darrell pakhonde, koma chitseko chinali chotsegula. Anamupempha achotse zimene analemba. Mtsikana uja wasiya ntchito, anthu akumuimbira foni kumutukwana, wina waswa galasi la galimoto yake, ndipo amayi ake anamutengera kuchipatala Lachiwiri chifukwa sakudya, sakugona. Darrell anati iye bambo ake akudya kudzera m'mphuno.

Lachisanu, 27 Seputembala

37.6. Nambala 23.

Ndinauza Mayi Downey za lamba. Sindinakonzekere. Ankandiuza za mwamuna wawo amene anamwalira, mmene ankabisira fodya m'galaja, ine n'kungoyamba kulankhula. Katani inali yotseka pakati pathu, mwina n'chifukwa chake zinatuluka.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anakoka kataniyo ndi ndodo yawo.

"Mwana wa eni uja anatsegula chitseko, chimenecho ndi chake, adzafa nacho," anatero. "Koma mwamusenzetsa ndi chanu chomwe, Verna. Katundu wa anthu awiri pamutu pa kamtsikana."

Ndinati ndikanena, Darrell sadzandiyang'ananso. Ndili ndi mwana mmodzi yekha.

Anati mwina sadzandiyang'anadi, iwo si mneneri. Anafunsa ngati ndikufuna apemphere kapena aitane namwino abweretse foni ndiimbire a Pettipas. Ndinati apemphere. Anapemphera mwachidule, atatha anadina belu la namwino.

Loweruka, 28 Seputembala

A Pettipas anafika 10 koloko. Ndinawauza zonse, za kachotupa, za nsomba, mawu anga enieni. Analemba pang'onopang'ono, anandiwerengera, ndinasaina. Sanaoneke odabwa. Anati chomangira cha helemetiyo anachiyesa tsiku loyamba lomwe, chimagwira bwinobwino, ndipo helemeti yomanga siuluka choncho. Ankangodikira ine.

Ndinafunsa ngati andimanga chifukwa cha bodza. Anati ayi. Ndinafunsa za Aubrey, poti anathyola lamulo. Anati iwo salipiritsa munthu amene ali pa makina. Mtsikana uja mlandu wotsegula chitseko osayang'ana ulipobe, umenewo suchoka, koma akamuuza zimene ndanena ngati ndikulola. Ndinati amuuze lero.

Darrell anabwera 1 koloko ndi msuzi wa nsomba wa mkaka umene anagula kumsika, akuti ndidye chinthu chodziwika. Ndinamuuza akhale pansi. Ndinayamba ndi ulusi unayi uja.

Sanandidule mawu. Nditamaliza anatsegula kabati, anayang'ana thumba la helemeti, anatsekanso.

"Munandisiya ndiime pamaso pa wapolisi ndikuonetsa zala ziwiri," anatero. "Munandisiya ndilembe dzina la mtsikana uja."

Ndinati inde.

"Chifukwa cha nsomba."

Anatenga jekete n'kutuluka. Msuzi uli pa tebulo, sindinautsegule.

Lamlungu, 29 Seputembala

Sanabwere. Jocelyn wamuona mu chikepe, anadina 5.

Ndilibe nambala. Ndapempha anamwino aimbe kumwamba, aimba kawiri, kachitatu anati kumeneko atanganidwa. Akungoti palibe kusintha. Palibe kusintha kuchokera pa chiyani? 20? 30?

Mwana wamkazi wa Mayi Downey anayang'ana pa foni yake. Zimene Darrell analemba zachotsedwa.

Lolemba, 30 Seputembala

37.0. Ndayenda masitepe asanu ndi limodzi ndi chogwirira. Wa mafizo anawomba m'manja, ndinafuna kumumenya.

Darrell sanabwere. Ndamuimbira kanayi.

Mnyamata wokankha zikuku ananditengera kumwamba 3 koloko. Darrell atandiona pakhomo anaimirira n'kupita kukaima pakhonde. Kawaya kaja achotsa m'mutu mwa Aubrey, kutupa kwatsika. Mankhwala ogoneka anasiya Lachisanu. Amayenera kukhala atayamba kudzuka. Namwino anamutsina pachikhadabo, anamuitana dzina mokweza, anamuwunikira tochi m'maso. Mkono unangopindikira mkati pang'ono.

Ndinamuuza kukhutu kuti ndanena zoona, kuti ana akumudikira Juni, kuti akadzuka andikalipire mmene angafunire. Ndinamupempha andifinye chala. Ndinadikira mpaka anandiuza kuti nthawi yatha.

Mawa amuunika m'mutu ndi makina aakulu ojambula ubongo.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Mayi Downey atuluka lero. Andisiyira mafuta odzola ndi nambala yawo ya foni, akuti ndikapanda kuimba adzabwera ndi kwaya yonse kudzandichititsa manyazi. Anandipsompsona pachipumi. Pabedi pawo pabwera mayi amene salankhula.

Zotsatira mawa 11 koloko. Akufuna ine ndi Darrell tonse.

Lachitatu, 2 Okutobala

Kachipinda kopanda windo, mipando isanu, bokosi la mapepala opukutira misozi pakati pa tebulo. A dokotala Haddad, namwino mmodzi, mayi wothandiza mabanja, Darrell kutsidya kwa tebulo, ine pa chikuku.

Ndilemba mmene ananenera. Ubongo wavulala malo ambiri, osati pamene panaundana magazi pokha. Mkati mwenimweni, mmene munthu amadzukira, mwawonongeka mbali zonse ziwiri. Atha kumuboola pakhosi n'kumuika paipi yopumira, ina yodyera pamimba, n'kukhala choncho miyezi kapena zaka. Sakuyembekeza kuti adzalankhula, adzadya yekha, kapena adzatidziwa. Anafunsa kuti Aubrey mwini akanakhala pampando wachisanuwo akanati chiyani.

Ndinati ndisanayankhe ndili ndi funso. Lamba akanakhala womanga, bwenzi zili bwanji?

Mayi wothandiza mabanja anayamba kunena kuti mafunso otere sathandiza. Ndinati sindinafunse iwo.

A Haddad anavula magalasi. "Sindingalumbire, Mayi Corkum. Helemeti siteteza chilichonse, ndipo anagwa moipa. Koma mwafunsa kuti ndikuganiza chiyani. Ndikuganiza kuti mwina bwenzi ali pansanjika yanu, akudandaula za chakudya."

Ndinawathokoza. Sindikudziwa chifukwa chake.

Darrell ndi amene anayankha funso lawo. Anati bambo ake sankatha kukhala pampando mpaka filimu ithe, ankadzuka kukakonza chinthu chosawonongeka. Anati asamuboole pakhosi. Kenako kwa nthawi yoyamba chichokereni Loweruka anandiyang'ana, kudikira. Ndinagwedeza mutu. Pepala lovomera kuchotsa makina linafuna dzina langa, osati lake. Ndinasaina.

Lachinayi, 3 Okutobala

Anasuntha makina kuti chikuku changa chifike kumutu kwa bedi. Abusa athu anabwera, anawerenga, anapita kukaima kumbuyo. Namwino anamumeta ndevu za m'masaya, anamupaka mafuta pamilomo. Anachotsanso ulusi unayi uja. Chilonda chinapola bwino.

Mankhwala oletsa ululu 1:40. Paipi anachotsa 2 koloko. Anapuma yekha, mokoka, ngati mmene amachitira akagona pa sofa. Darrell anagwira dzanja lamanja, ine lamanzere. Darrell analankhula kamodzi, kuwauza bambo ake kuti njinga zonse ziwiri wazitenga kupolisi, zili m'galaja.

Anasiya kupuma 4:25.

Lachisanu, 4 Okutobala

36.8. Jakisoni wa pamimba. Masitepe khumi. Sindikudziwa kuti ndikuyenda kupita kuti.

Dzulo Darrell ndi amene anandibweza kuno. Wokankha zikuku anabwera, iye anati asiye. Mu chikepe tinali awiri okha, iye kumbuyo kwanga, nkhope yake sindinkaiona.

"Sindinakukhululukireni, Amayi," anatero. "Kaya ndidzatero, sindikudziwa. Koma masitepe a pakhomo paja simungakwere. Ndauza akuntchito kuti ndibwerera Khirisimasi ikapita."

Chitseko chinatseguka, anandikankha kutuluka.

Lolemba, 7 Okutobala

Mawa andisamutsira ku chipatala cha mafizo, milungu itatu kapena inayi. Mwambo wa maliro tauika pa 19, andibwereka kwa tsiku limodzi. Chikhakha achotsa pa 28. Mankhwala a m'diripi asintha, tsopano ndi mapiritsi, awiri m'mawa awiri madzulo.

A Pettipas anabweretsa kalata yochokera kwa Shauna, masamba awiri. Ndawerenga tsamba loyamba. Lachiwiri ndidzawerenga ndikapeza mphamvu. Darrell akuti anamulembera yake, sanandiuze zimene analemba.

Anabwera masana ali ndi utuchi m'tsitsi. Akukhoma matabwa otsetsereka pakhomo lakumaso kuti chikuku chizikwera. Sanakhale pansi. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kundiuza kutalika kwake, mtundu wa matabwa, kuti mvula ikubwera Lachinayi ndiye akufuna amalize msanga. Kenako anati wasaka m'galaja monse, sowo waipeza, misomali waipeza, koma chida choyezera ngati thabwa lakhala mowongoka sakuchiona, kodi chimakhala pati.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti akafunse bambo ake. Iye anaona. Tinangoyang'anana, mpaka mayi wobweretsa tiyi analowa n'kufunsa ngati ndikufuna shuga.